Kukwera Sapitwa posonkhera gulu la anthu osaona: momwe ntchito yayendera

3 Meyi 2025, ngongole ya lendi

Ndayamba kulemba izi chifukwa titafufuza munthu woti atiuze mitengo ndi misampha ya ntchito yotereyi sitinampeze. Aliyense amangoonetsa chithunzi cha pamwamba pa phiri atakweza manja. Za malipiro a gaidi, za matuza, za anthu olonjeza osapereka, kuli zii.

Gulu limene tikusonkhera ndi laling'ono, la anthu osaona ndi ovutika kuona. Limakumana m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika wina kuno ku Limbe. Mmenemo ana ndi akuluakulu amene maso awasiya atakula kale amaphunzira zilembo za Braille ndi kayendedwe ka ndodo yoyera, ndipo agogo a ng'ala amapezerako wowaperekeza ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens. Amene ankathandiza kuchokera kunja analemba kalata kuti thumba lauma. Lendi ndi K120,000 pamwezi ndipo eni nyumba sanalandire kanthu kuyambira Epulo. Makina olembera Braille a Perkins alipo atatu, awiri ndi akufa.

Ena ankafuna big walk yochokera ku Limbe kukafika ku Ginnery Corner. Ndinakana. Big walk yachuluka, anthu akangoona chikwangwani ndi mbale amakweza galasi la galimoto. Tagwirizana za Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, mamita 3,002. Mulingo wathu ndi K6,000,000. Olembetsa kukwera alipo 14.

Lamulo loyamba lakhazikitsidwa lero lomwe: ndalama ya ulendo aliyense atulutse m'thumba mwake. Tambala iliyonse ya wopereka ipite ku gulu.

17 Meyi, tinaiwala eni ake

Tinapita kukawafotokozera a gulu pulani yathu, itatha kale kulembedwa bwinobwino. Tinalemba kuti theka la ndalama tigulire ndodo zoyera zatsopano, chifukwa ndodo imaoneka bwino pa chithunzi cha mwambo wopereka. Amayi a pampando anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa mofatsa kuti ndodozo adzazisunga kuti eni nyumba akaika loko pachitseko. Tinafufuta mzere umenewo pompo. Dongosolo latsopano ndi lawo: lendi, makina, mapepala a Braille, ndodo, thiransipoti ya agogo.

Funso lachiwiri linachokera kwa aphunzitsi a Braille, bambo a zaka za m'ma 40 amene anasiya kuona ali mwana. "Achimwene, mwa 14 amenewa osaona alipo angati?" Palibe. Sitinaganizeko n'komwe. Iwo alembetsa, ndipo walembetsanso mtsikana wina wa m'gululi amene amangoona kuwala ndi zithunzithunzi za zinthu zikuluzikulu. Pano tili 16, ndipo ntchito yasintha nkhope. Poyamba inali yongolimbitsa miyendo.

7 Juni, phiri la Soche, kuyesa koyamba

Zida: chingwe cha nayiloni mamita 10 (K12,000), ndodo zawo zopinda za masiku onse, nsapato zilizonse zimene munthu anali nazo.

Chingwe chinali nzeru yanga ndipo chalephera mochititsa manyazi. Ndinachimanga m'chiuno mwa aphunzitsi n'kumanga china m'chiuno mwanga. Chikakhwefuka sadziwa kumene ndalowera, chikakungika ndawakoka ngati mbuzi yopita ku msika. Mawu amenewo ndi awo. Patangotha mphindi 20 anachimasula okha n'kundipatsa m'manja.

Vuto lalikulu koposa lili pakamwa pathu. Ife openya timalankhula ndi chala. "Pondani apa." "Samalani apo." "Tikhotera uko." Aphunzitsi anaima chilili pakati pa njira n'kufunsa, "Apa ndi pati, achimwene?" Ndiye pali za kumanja ndi kumanzere: ukatembenuka kuyang'anizana nawo, kumanja kwako ndi kumanzere kwawo. Mnzathu wina anamulondolera mtsikana uja m'chitsamba cha minga mwa njira yomweyo.

Pobwerera tinakhala pansi pa mtengo, iwo awiri n'kutilembetsa mawu oti tizigwiritsa ntchito. Ndi ochepa dala. "Kwera" ndi "tsika", motsatana ndi msinkhu wake: kakolo, bondo, chiuno. "Lumpha" ngati pali mpata. "Mutu" ngati pali nthambi. "Ima" ndi mawu okhawo ololedwa kukuwa. Kumanja ndi kumanzere nthawi zonse ndi kwa woyendayo, osati kwa wolondolera. Ndipo pamene palibe chonena, khala chete, chifukwa iwo amamveranso phazi la amene ali patsogolo.

21 Juni, Ndirande, nsungwi

Mmalo mwa chingwe tayesa nsungwi youma yotalika mita imodzi ndi theka. Wolondolera agwira kutsogolo, woyenda agwira kumbuyo, onse mbali imodzi. Nsungwi siipinda, choncho wakutsogolo akakwera kapena kutsika, wakumbuyo amamva m'dzanja phazi lake lisanafike pamalopo. Mtengo wake K1,500 ziwiri. Kumapeto kwake takulungako malegeni kuti dzanja lisaterereke ndi thukuta. Mwa zonse zimene tagula mpaka lero, ichi ndiye chagwira ntchito.

Ndodo yopinda ya mtsikana uja yathera pomwepa. Nsonga inalowa mumng'alu wa mwala, iye n'kupitirira, lasitiki ya mkati phwa. Ndodo zimenezi anazipangira msewu ndi khonde. Kuphiri azitenga ndodo wamba yolimba, zoyerazo zizikhala m'chikwama. Talumikiza yothyokayo ndi waya ndi tepi kuti ayendere kaye.

Anthu anayi sanabwere, ndipo awiri mwa iwo anena poyera kuti asiya. Tatsala 12, koma pamaso pa ena ndikuona kale.

28 Juni, mateesheti

Apa ndilembe mosabisa kuti wina asadzabwereze. Tadinditsa mateesheti 60 pa K9,000 iliyonse, K540,000 yonse, ndalama yobwereka kwa msungichuma wathu. Tinkati tigulitsa K15,000 imodzi. Anthu amaigwira, amayamikira nsalu, amafunsa ngati ilipo yakuda, basi. Wodinda uja analakwitsanso: analemba mamita 3,200 mmalo mwa 3,002, ndipo ife tinasainira chitsanzo osawerenga. Kudandaula kulibe pogwira. Kukanakhala kuyamba ndi kulandira ndalama kenaka n'kudinda, bwenzi tadinda 30 basi.

12 Julayi, mapepala a malonjezo ndi wakuba wa pafoni

Mapepala osonkhetsera oyamba analibe chidindo cha gulu, ndipo ku maofesi awiri anatibweza pakhomo. Anachita bwino, akuba a mapepala otere ndi ambiri. Tasindikizanso 40 okhala ndi chidindo, siginecha ya amayi a pampando, ndi nambala pa pepala lililonse kuti tidziwe lili ndi ndani (K34,000).

Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp zayenda bwino kuposa mapepala. Abale a ku Joni atumiza, ndipo namwino wina wa kwathu amene ali ku Manchester wasonkhetsa anzake a pantchito. Mpingo wina watipatsa mphindi zisanu pa Sabata, ndipo aphunzitsi atawerenga ndime ya m'Baibulo ndi zala, mbale inabwera yolemera kuposa ya sabata zitatu za ine kuyendayenda m'maofesi.

Tsoka lake nali. Nambala yolandirira ndalama tinaiika poyera. Msungichuma analandira uthenga wooneka ngati wa ndalama yolowa, K60,000, kenaka foni ya bambo wolira kuti watumiza molakwika ndalama ya mankhwala a mwana. Anabweza asanaone balansi. Sikunalowe kanthu. Tasonkherana kubweza K60,000 imeneyo kuti buku lisakhale ndi bowo. Kuyambira lero foni ya zopereka ndi yapayokha, siiyankhidwa, ndipo palibe kubweza ndalama popanda anthu awiri kuona balansi. Madzulo aliwonse ndalama ikusamutsidwira ku akaunti ya gulu ku banki.

Sabata ino zamveka kuti UNESCO yaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Tagwiritsa ntchito nkhaniyo pokopa anthu, osachita manyazi.

26 Julayi, Zomba, Potato Path

Kuyesa komaliza kwa mtunda wautali, aliyense atasenza chikwama cha makilogalamu 8. Kukwera kunayenda. Kutsika kunatitengera nthawi yoposa kukwera, zimene kwa openya okhaokha sizichitika. Potsika ndodo imafufuza pansi pamene palibe, ndipo phazi lililonse limafuna mawu. Wolondolera amatopa mutu msanga kuposa miyendo. Pakatha mphindi 40 amayamba kuiwala kunena miyala. Tagwirizana zosinthana pa theka la ola lililonse, atope asatope.

Nsapato: za kaunjika ku msika wa Limbe, pakati pa K25,000 ndi K45,000. Pindani soli musanagule. Ya mnzathu wina inkaoneka yatsopano koma guluu anali atauma, inayasama pakati pa njira. Wosoka nsapato wazisoka zonse kuzungulira ndi ulusi, K3,000 peyala.

Tatsala asanu ndi atatu: openya asanu ndi mmodzi, ndi awiri aja. Amene asiya ambiri ndi omwe ankalankhula kwambiri mu Meyi.

9 Ogasiti, ku Likhubula kukakambirana

Ndinapita ndi msungichuma ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, kukaonana ndi magaidi maso ndi maso, chifukwa pafoni tikangotchula kuti pali osaona awiri, mbali inayo kunkakhala chete. Woyamba anakana mwaulemu. Wachiwiri, bambo wachikulire amene wakwera phirili kuyambira ali mnyamata wonyamula katundu, anafunsa mafunso enieni: amalemera bwanji, amaopa kukwawa kodi, anayendapo maola angati osapuma. Kenaka anaika mfundo zake. Magaidi akhale awiri. Masiku akhale anayi, osati atatu amene ambiri amachita, kuti tigone ku nyumba ya m'phiri ya Chambe tisanapite ku ya Chisepo, poyambira kukwera Sapitwa. Ndipo pa tsiku la Sapitwa, 12 koloko ikakwana tibwerera pamene tafika, kaya nsonga ikuoneka pafupi ngati khomo la nyumba. Anatikumbutsa za mlendo wa ku Brazil amene anafera m'phirimo mu 2009 atasiya gaidi n'kupitirira yekha. Sitinatsutse.

Mitengo imene tagwirizana: magaidi awiri K40,000 aliyense patsiku, K320,000. Onyamula katundu anayi K30,000 aliyense patsiku, K480,000. Minibasi yopita ndi kubwera K280,000, ndipo mwini wake wafuna theka msanga kuti akaime pa mzere wa mafuta. Chakudya tayerekeza K310,000: ufa, mpunga, soya, usipa, mtedza wokazinga, shuga, masamba a tiyi, buledi, mbatata. Zolowera m'nkhalango, zogonera m'nyumba za m'phiri ndi kangachepe ka alonda ake, tapatula K95,000. Zonse K1,485,000.

Openya tapereka K200,000 aliyense. Tinkati awiri aja asalipire. Aphunzitsi anakwiya zenizeni, anati sakupita ngati katundu, n'kupereka K200,000 yawo. K85,000 yotsala tagawana.

Pa chipata anyamata amagulitsa ndodo zosema zokongola, zina amati ndi za mkungudza. Tasiya. Mtengowo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Tagula za bulugamu.

20 Ogasiti, usiku wonyamuka mawa

Malonjezo pa mapepala ndi pa mafoni: K7,340,000. Ndalama yeniyeni ku banki: K2,150,000. Ambiri akuti "mukatsika". Kampani ina imene inalonjeza K1,000,000 yatumiza makatoni asanu a madzi a m'mabotolo ndi chinsalu cha dzina lawo choti tikajambulitse pamwamba. Madzi ku Mulanje, kumene mtsinje uliwonse umamweka. Tawasiyira a gulu, chinsalucho ndalongedza pansi pa chikwama.

21 Ogasiti, Likhubula mpaka Chambe

Minibasi inachedwa ndi maola awiri, nkhani ya mafuta yomweyo. Tinayamba kuyenda 10 koloko mmalo mwa 8, dzuwa litakwera kale. Gaidi anasankha njira ya Chapaluka osati ya Skyline. Skyline ndi yachidule koma yoimirira ndipo ilibe mthunzi. Chapaluka imatsata mtsinje, ndipo phokoso la madzi linabweretsa vuto limene sitinalione ku Soche kapena ku Zomba: pafupi ndi mathithi mawu samveka. Mtsikana uja anaphonya "tsika bondo" n'kugwada pamwala, bondo linasupuka. Pamalo a phokoso tinayamba kugogoda nsungwi ndi chala, kamodzi kukwera, kawiri kutsika. Njira imeneyi anaipeza ndi wonyamula katundu wina, mnyamata wosalankhulalankhula.

Powoloka mtsinje pa miyala nsungwi ilibe ntchito. Gaidi anaima m'madzi, nsapato zili m'khosi, n'kumagwira phazi la aphunzitsi kuliika pamwala ndi dzanja. Kuwoloka kumodzi mphindi 15.

Zipsera za namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 zikuonekabe m'mapiri, mizere yoyera pamene nthaka inakokoloka. Ndinayesa kuwafotokozera aphunzitsi, iwo anati ndisunge mpweya.

Tinafika ku Chambe 5 koloko itadutsa, maola asanu ndi awiri. Mlonda anali atakoleza kale moto. Cholakwa cha lero: tinamwaza zikwama, nsapato ndi mapoto pansi ponseponse monga timachitira, ndipo aphunzitsi anapunthwa pa poto wa madzi otentha. Mwayi sanapse. Tsopano tikafika pa nyumba iliyonse, choyamba ndi kuwayendetsa awiriwa kuzungulira chipinda, khomo, moto, njira ya ku chimbudzi, kenaka katundu yense kukhoma limodzi ndipo asasunthe.

22 Ogasiti, Chambe mpaka Chisepo

Tsiku lofatsa, maola asanu. Pali kachigawo kamene njira imadutsa pamsana wopapatiza, kotsetsereka mbali zonse. Openya awiri anagwidwa ndi chizungulire. Funso linabuka ngati tiwauze awiriwa za phompho kapena tingokhala chete kuti asaope. Mtsikana anayankha yekha: "Mundiuze. Mukabisa ndimamva m'mawu mwanu, ndiye ndimaopa kawiri."

Matuza atatu, tamata pulasitala. Shuga tinayerekeza mochepa, watsala wa mawa lokha. Chisepo kumazizira kuposa Chambe ndipo mabulangete athu a m'tauni ndi nthabwala. Tagona titavala zonse. Madzulo onyamula katundu anatisimbira za mizimu ya m'phirili, zoti ukapeza chakudya chokonzakonza panjira udye wekha osaitana mnzako. Aphunzitsi anati lamulo limenelo likuwakondera openya.

Netiweki imagwira pa mwala umodzi kunja kwa nyumba. Ndatumiza chithunzi chimodzi, kwalowa K85,000 usiku womwewo.

23 Ogasiti, Sapitwa

Tinadzuka 4 koloko, koma gaidi anatiletsa kunyamuka mpaka kuwale, chifukwa matanthwe oyamba anali onyowa ndi mame. Tinanyamuka 5:40. Zikwama zinatsala, tinatenga madzi, mtedza, mbatata yophika, majuzi ndi matochi anayi. Anayi okha pa anthu khumi. Ndidzabwereranso pa mfundo imeneyi.

Kuchokera pa Chisepo phiri silinyengerera. Pamangoyamba matanthwe aatali opendekeka, oyenda ndi manja ndi miyendo. Nsungwi tinazisiya pansi pa thanthwe loyamba. Apa aphunzitsi anatidabwitsa: pokwawa, manja awo amawerenga mwala msanga kuposa maso athu, amapeza timing'alu tokolekamo zala tomwe ine sindinkationa. Gaidi ankakhala pamwamba akugogoda mwala ndi kandodo kuti atsate kulira kwake, wachiwiri pansi atagwira chidendene. Mawu onse amene tinaphunzira ku Soche anatsala awiri, "bwera" ndi "ima".

Pamwamba pa matanthwe pamabwera chisokonezo cha miyala ikuluikulu ngati nyumba, yosanjikizana. Pena umakwawa pansi pake m'mabowo, pena umadutsa m'timitengo tothinana ta ndere, pena umalumpha mpata woti pansi pake sipaoneka. Kulumpha ndiko kunadya nthawi. Munthu wosaona salumpha mwa chiyerekezo. Amafuna adziwe kutalika kwa mpata, kukula kwa potera, ndi kupendekeka kwake. Gaidi ankayamba wawagwiritsa ndodo kukhudza tsidya linalo, kenaka iye n'kulumpha kuti amve kugunda kwa mapazi ake, kenaka iwo. Mpata umodzi mphindi khumi, ndipo mipata ndi yambiri.

Cha m'ma 9:30 mtsikana uja anakhala pansi n'kunena kuti bondo la dzana silikumulola kupinda, ndipo akapitirira adzatsika pamsana pa munthu. Ena anayamba zomulimbikitsa, za "watsala pang'ono", za anthu amene alonjeza ndalama chifukwa cha iye. Ndinali m'gulu la olimbikitsawo ndipo ndikuchita nazo manyazi. Anatidula: "Achimwene, bondo ndi langa." Anabwerera ndi gaidi wachiwiri ndi anzathu awiri. Iye ndiye anawerenga bwino nthawi kuposa tonsefe, monga zinadzaonekera madzulo.

Tinatsala asanu ndi gaidi wamkulu. Cha m'ma 11 nkhungu inakwera kuchokera kummwera, mwakanthawi kochepa sitinkaonanso mivi yofiira yopakidwa pamiyala. Tinaima. Aphunzitsi atamva chifukwa chake anaseka, "Nkhungu ndi khungu n'zapachibale, mwalandiridwa kwathu." Gaidi sanaseke. Anayang'ana wotchi n'kunena kuti ikapanda kuyera pofika 11:30, tatembenuka. Inang'ambika 11:20.

Tinagwira chipilala cha simenti cha pansonga 11:52. Mphindi zisanu ndi zitatu zokha isanakwane 12 koloko ya gaidi ija. Aphunzitsi anachipapasa kuchokera pansi mpaka pamwamba, anafunsa mbali imene kuli Phalombe ndi imene kuli Mozambique, n'kutembenukira uko ndi uko kumvetsera mphepo. Anati pamwamba pamamveka ngati m'chipinda chopanda makoma. Chinsalu cha kampani ija ndinachiiwala ku Chisepo, ndipo sindinganame kuti ndinadandaula. Tinakhala mphindi khumi.

Kutsika ndiye kunali ntchito. Pa matanthwe otsetsereka munthu amatsika chokhala, ndipo aphunzitsi sankadziwa pamene thanthwe lithere, choncho gaidi ankatsika patsogolo chafutambuyo, mapazi awo ali pa mapewa ake pena. Mathalauza atatu anang'ambika kumatako. Madzi anatha 3 koloko. Dzuwa linalowa tikadali pamwamba pa matanthwe awiri omaliza, ndipo matochi awiri anali atapita ndi gulu lobwerera lija. Mwa awiri otsalawo imodzi inazima, mabatire otchipa a pamsika.

Anthu amene ndawasimbira amathamangira kunena kuti mumdimamo aphunzitsi ndiye anatitsogolera. Ayi. Mdima unawapweteka iwo kuposa ife, chifukwa maso awo paphiripo tinali ife, ndipo ife tinasiya kunena zoona. Ndinawauza "tsika bondo" pamene panali pa chiuno, anagwa chammbali n'kugunda nthiti. Kuchokera pamenepo tochi imodziyo inkaunikira mapazi a iwo okha, enafe tikudikira mumdima, kenaka n'kutiunikira mmodzimmodzi. Onyamula katundu awiri anatichingamira ndi matochi ndi ketulo ya tiyi wopanda shuga. Tinalowa m'nyumba 7:40 usiku, maola 14.

Wodzapita: tochi ya pamutu munthu aliyense, ndi mabatire apadera. Malita atatu a madzi, osati awiri. Magolovesi a pa ntchito ya zomangamanga, chifukwa mwala wa kumeneko umasenda zala, ndipo kwa munthu wowerenga ndi zala imeneyo si nkhani yaing'ono. Aphunzitsi akhala sabata yathunthu osawerenga bwino.

24 Ogasiti, kutsika

Maola asanu ndi anayi kufika ku Likhubula, miyendo ikunjenjemera. Bondo la mtsikana linatupa, katundu wake tinagawana ndipo nsungwi inagwiranso ntchito yake. Tinasambitsa mapazi pa Dziwe la Nkhalamba. Tawonjezera K10,000 kwa gaidi ndi wonyamula katundu aliyense, K60,000 ya m'matumba mwathu kunja kwa bajeti, ndipo ndi yochepa poyerekeza ndi zimene anachita. Aphunzitsi akaunikidwa nthiti mawa.

6 Seputembala, kutolera

Nthiti sizinathyoke. Ku banki kuli K3,020,000.

"Mukatsika" uja wasanduka "mwezi ukatha", ndipo tsopano wasanduka "zisankho zikadutsa", poti aliyense maso ali pa 16 Seputembala. Bambo wina amene analemba K200,000 wati analonjeza pa osaona awiri ndipo wafika mmodzi, choncho apereka theka. Ndinalandira thekalo, zimene ndinaganiza mumtima sindilemba. Kampani ija ikufunsa chithunzi cha chinsalu.

Chimene chikugwira ntchito ndi kuimba foni, osati uthenga wa pagulu. Tagawana mayina, aliyense 15, ndipo woimba amatchula ndalama imene munthuyo analemba ndi dzanja lake. Taonanso kuti olemba K5,000 ndi K10,000 apereka pafupifupi onse. Amene akuzemba ndi a manambala akuluakulu. Tikanadziwa, pepala likanakhala ndi mzere umodzi wokha, wa ndalama yoperekedwa pompo.

Mateesheti: 31 anagulidwa pa K15,000 tisanakwere, 12 pa K10,000 titatsika. Zonse K585,000, phindu K45,000 pa miyezi iwiri ya kuyenda ndi chikwama. Otsala 17 tapereka kwa a gulu. Aphunzitsi ati mamita 198 owonjezera aja awasungire ulendo wina.

27 Seputembala, makina

Perkins ndi makina achitsulo olemera, a mabatani asanu ndi limodzi a timadontho ndi lina la mpata pakati, ndipo amakhala zaka zambiri ngati akutsukidwa. Athuwa wina anawathira mafuta a makina osokera, mafutawo n'kugwirana ndi fumbi la mapepala mpaka mabatani kuuma. Anthu awiri amene tinawafunsa ankafuna kuyesa ndi sikuludiraiva ya wailesi, tinakana. Tapeza mmisiri amene anaphunzira ntchitoyi, kudzera mwa aphunzitsi ena a maphunziro a ana olumala amene anadutsa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Amodzi angofuna kutsuka. Enawo asowa kasipuling'i koitanitsa kunja, sabata zitatu. Zonse pamodzi K460,000.

15 Okutobala, kupereka

Tasankha lero chifukwa ndi tsiku la ndodo yoyera, ndipo kuno likugwera pa holide ya Tsiku la Amayi, choncho anthu anapezeka. Mwambo unali m'kachipinda komweko, thobwa ndi mandasi. Amayi a pampando anakana zoitana atolankhani kuti adzajambule agogo akulandira ndodo.

Zonse zolowa: K4,180,000. Mulingo uja wa K6,000,000 sitinaufike. Zatuluka motere: ngongole ya lendi ya miyezi isanu ndi iwiri K840,000; lendi ya miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi K720,000; makina K460,000; mapepala a Braille K900,000; ndodo 30 pa K28,000 iliyonse, K840,000, yoyamba yapita kwa mtsikana uja mmalo mwa ya waya ndi tepi; thiransipoti ya agogo opita ku opaleshoni ya ng'ala K300,000. Kwatsala K120,000 ku akaunti. Malisiti onse ali m'faelo ku gulu, ndipo msungichuma wawerenga mzere uliwonse mokweza kuti eni ake amve, kenaka aphunzitsi alemba kope lawo pa makina amene atsukidwa aja.

K3,400,000 ikadali pa mapepala a malonjezo. Tigawananso mayina Loweruka. Makina achiwiri akudikirabe sipuling'i, ndipo lendi yolipiridwayo ithera mu Epulo.